Wosamva akadwala shuga kapena BP kuno ku Joni, amumva ndani?

Mwezi wathawu ndinaperekeza mayi wina wakwathu kukiliniki ina kuno kuchigwa cha mphesa ku Western Cape. Dzina lake sindilemba, kiliniki yakenso sinditchula. Mayiyu kwawo ndi ku Dedza, amalongedza mphesa m'shedi, ndipo samva kuyambira ali mwana pamene anadwala malungo aakulu. Tsopano ali ndi BP komanso shuga.

Umenewu unali ulendo wake wachitatu. Ulendo woyamba anapita yekha. Anafika 6 koloko m'mawa, anapereka khadi pawindo, n'kukhala pabenchi. Anthu ankadzuka mmodzimmodzi kulowa m'chipinda, iye n'kumadikira kuti wina amukodola. Pofika 3 koloko masana anatsala yekha pabenchipo. Pafayilo yake anali atalemba kale kuti amuitana katatu koma sanapezeke. Chikhalirecho anali pomwepo, kungoti dzinalo analiitana ndi pakamwa.

Ulendo wachiwiri analowa. Anesi anamuyeza, anayankhula Chiafrikaans, kenako Chingerezi, pakamwa atavala masiki. Mayiyo anangogwedeza mutu monga amachitira osamva ambiri akatopa ndi kufunsa. Anamupatsa mapaketi awiri a mapilitsi. Kwathu iye anazolowera mankhwala a malungo aja timati LA: umamwa masiku atatu, akatha basi wachira. Ndiye anamwa mapilitsi a BP mpaka paketi inatha, n'kuganiza kuti matenda atha. A shuga ankamwa m'mimba mulibe kanthu, anamutsegula m'mimba, iye n'kuwasiya. Palibe anamuuza m'njira yoti amve kuti mankhwala amenewa ndi a moyo wonse. Patapita miyezi iwiri anagwa m'shedi ntchito ili mkati.

Ine sukulu ndinalekera Sitandade 7, si ine dokotala. Ndagwira ntchito m'mafamu zaka zoposa makumi awiri, ndipo masiku ano ndimayenda famu ndi famu kusonkhanitsa antchito anzanga pa nkhani za malipiro ndi nyumba. Koma nkhani ya mayiyu yandisowetsa tulo, chifukwa ndaona kuti ifeyo, amene timadzitcha omenyera anzathu, abale athu osamva tinawaiwala.

Lamulo lilipo, koma lidakali papepala

Tiyambe ndi zabwino. Pa 19 July 2023 Pulezidenti Cyril Ramaphosa anasaina kusintha kwa malamulo oyendetsera dziko lino, ndipo chinenero chamanja cha South Africa chinakhala chinenero cha nambala 12 chovomerezeka ndi boma, pamodzi ndi Chizulu, Chixhosa, Chiafrikaans, Chingerezi ndi zina zija. Ku Zimbabwe anachita kale zimenezi mu 2013, pamene anaika chinenero chamanja pamndandanda wa zinenero 16, mndandanda umene mulinso Chichewa chathu. Osamva a kuno anamenyera zimenezi zaka zambiri kudzera m'bungwe lawo la DeafSA, ndipo kuyambira 1999 anali ndi phungu wosamva m'nyumba ya malamulo, mayi Wilma Newhoudt-Druchen.

Gawo 27 la malamulo oyendetsera dziko limati aliyense ali ndi ufulu wopeza chithandizo cha zaumoyo, ndipo palibe amene angakanizidwe chithandizo chadzidzidzi. Mawu ake ndi "aliyense", sakunena za nzika zokha. Lamulo la zaumoyo la 2003, National Health Act, pagawo 6 limalamula kuti wachipatala auze wodwala za matenda ake ndi chithandizo chake m'chinenero chimene wodwalayo akumva, poganiziranso kuti sukulu anafika nayo pati. Gawo 14 likuti nkhani ya matenda a munthu ndi chinsinsi.

Ndiye papepala zonse zili bwino. Funso ndi lakuti, pabenchi paja pamene mayi wa ku Dedza anakhala maola asanu ndi anayi, lamulo limeneli linali kuti?

Ambiri mukukumbukira zimene zinachitika pa 10 December 2013 pamwambo wokumbukira Nelson Mandela pabwalo la FNB. Munthu wina, Thamsanqa Jantjie, anaima pafupi ndi atsogoleri a dziko lapansi n'kumagwedeza manja ngati akumasulira, koma osamva onse anati palibe chimene akunena. Ife akumva tinaseka. Osamva sanaseke, chifukwa anaona poyera kuti akuluakulu sankadziwa kusiyanitsa womasulira weniweni ndi wongoponya manja. Ngati zinatheka pamwambo wa Mandela, makamera a dziko lonse ali pomwepo, nanga kukiliniki ya kumafamu zingatani?

Chifukwa chiyani matenda a mgonagona ndiwo akuvuta kwambiri

Munthu akadzitema ndi sizasi yodulira mphesa, safunika kuyankhula. Amangoonetsa bala, anesi amasoka, nkhani yatha. Koma shuga, BP, HIV, khunyu ndi mphumu si choncho. Theka la chithandizo chake ndi mankhwala, theka linalo ndi kukambirana. Uyenera kumva kuti BP nthawi zambiri simapweteka, ukhoza kumadzimva bwinobwino koma mkati ikuwononga impso ndi mitsempha mpaka tsiku la sitiroko. Uyenera kumva kuti metformin amamwa pamodzi ndi chakudya. Wobaya insulin ayenera kudziwa kuti akayamba kunjenjemera ndi kutuluka thukuta ndiye kuti shuga watsika, adye chotsekemera msanga. Womwa ma ARV ayenera kumva kuti piritsi limodzi lija ndi la tsiku lililonse, ndipo magazi amene amatenga aja ndi oyeza kuchuluka kwa kachilombo. Nayenso wodwala ayenera kufotokoza: piritsi ili likunditupitsa mapazi, ili likundikhosomoletsa usiku, kuti amusinthire.

Zonsezi zimayenda ndi mawu. Ife akumva timatola zambiri osadziwa n'komwe: pawailesi, m'tekisi, kutchalitchi, pamzere pamene anesi amaphunzitsa anthu m'mawa asanayambe kuyeza. Wosamva zonsezo zimamudutsa. Amafika pamaso pa anesi alibe poyambira, ndipo anesi ali ndi mphindi zochepa.

Palinso chinthu china chimene ndachiona. M'zigawo zambiri za dziko lino kuli ndondomeko ya CCMDD, kuno ku Western Cape amati CDU, yoti munthu wodwala matenda okhalitsa azikangotenga phukusi la mankhwala lolongedza kale, osaima pamzere wautali. Ndondomeko imeneyi ikanawathandiza kwambiri osamva, chifukwa sifuna zoyankhula zambiri. Koma amalowetsamo okhawo amene matenda awo akhazikika, BP yatsika, shuga ali bwino, kachilombo sikakuoneka m'magazi. Nanga munthu amene sanafotokozeredwe kamwedwe ka mankhwala, matenda ake akhazikika bwanji? Ndiye amene akufunikira kwambiri njira yachidule ndi amene amatsalira pamzere wautali. Akajomba kawiri amamulemba kuti ndi wothawa mankhwala, ndipo ulendo wotsatira amamulandira ndi ukali.

Usiku zikavuta ndiye nkhani ina. Mukaimba 10177 kapena 112, mbali inayo kuli munthu amene akufuna kumva mawu anu, adilesi ndi dzina la famu. Wosamva wokhala yekha m'chipinda ayenera kukagogoda kwa mnzake kaye.

Wakwathu wosamva ali ndi mtolo wachiwiri

Anthu ambiri amaganiza kuti chinenero chamanja ndi chimodzi dziko lonse lapansi. Ayi ndithu. Cha ku Malawi ndi china, cha ku Zambia china, cha ku Zimbabwe china, cha kuno chinanso. Mwana amene anaphunzira kusukulu ya osamva ku Mua, ku Maryview ku Nguludi kapena ku Embangweni, akakumana ndi wosamva wa ku Worcester amagwirizana pa zina, pakuti osamva ndi akatswiri pofunafuna njira yomvana, koma pa nkhani ya mankhwala "pa zina" sikokwanira. Ndiye ngakhale kiliniki itapeza womasulira wa chinenero chamanja cha kuno, wakwathu wongofika kumene sangamve zonse.

Komanso tisabise, ambiri mwa osamva akumudzi kwathu sanapite kusukulu ya osamva n'komwe. Malo ndi ochepa, makolo analibe ndalama ya thiransipoti, ena ankangoti "ameneyu azilima". Amayankhula ndi zizindikiro zimene anapangana ndi am'nyumba mwawo, zimene munthu wakunja sangazimve. Mayi wa ku Dedza uja anaphunzirako zaka zinayi zokha. Anesi akati "tilemberane papepala", amalemba Chingerezi chachipatala kapena Chiafrikaans, pamene iye amawerenga Chichewa chapang'onopang'ono. Kuwerenga milomo nakonso n'kovuta ngakhale m'chinenero chako, nanji cha eni, nanjinso pakamwa pali masiki ngati mmene zinalili nthawi ya Covid.

Chotsatira chake n'chakuti amatenga wachibale kuti akamasulire. Apa m'pamene chinsinsi chimafera. Taganizani mayi akuuzidwa zotsatira za magazi kudzera mwa mwana wake wa zaka 12. Taganizani mtsikana akufuna kufunsa za kulera kapena za matenda opatsirana pogonana, womasulira wake ali malume ake kapena mwamuna amene akumuzunza. Ambiri amasankha kusapita. Ndipo wachibale uja, ngakhale akhale wa mtima wabwino, amadula nkhani. Anesi ayankhula mphindi zisanu, iye n'kungoloza mapilitsi ndi kukamwa, kuti "uzimwa". Zina zonse zatayika.

Zimene zikuchitika pageti ndi kumaofesi

M'zaka zaposachedwapa zinthu zitatu zachitika zimene zikuwonjezera mavuto.

Choyamba ndi magulu aja oima pamageti a makiliniki, makamaka ku Gauteng ndi KwaZulu-Natal, n'kumafunsa anthu ziphaso. Mu November 2025 khoti lalikulu ku Johannesburg linaletsa a Operation Dudula kuchita zimenezi, n'kunena kuti ofunsa mapepala ndi apolisi ndi a zolowa ndi kutuluka okha. Chigamulocho n'chabwino. Koma mantha amene analowa mwa anthu sachoka ndi pepala la khoti. Ife akumva tikhoza kuyankha, kuchonderera, kapena kumva phokoso tili patali n'kubwerera. Wosamva amangoona anthu akumukalipira osadziwa chimene akufuna, ndipo kusayankha kwake amakuyesa mwano. Amene zinamuchitikira kamodzi sabwereranso, ndipo mankhwala a BP akatha amangokhala.

Chachiwiri ndi ndalama za ku America. Kumayambiriro kwa 2025 boma la Donald Trump linaimitsa thandizo lambiri la kunja, ndipo mapulogalamu a PEPFAR kuno anakhudzidwa kwambiri. Nduna ya zaumoyo, Aaron Motsoaledi, inanena kuti ndalama zimenezi zinali pafupifupi 17 peresenti ya ndalama zolimbana ndi HIV, ndipo ma ARV ambiri boma limagula lokha. Zoona, mapilitsi alipo. Koma ndalama zija zinkalipira alangizi, otsata odwala m'makomo ndi olemba mafayilo, ndipo masauzande a iwo ntchito inatha. Amenewo ndiwo anali ndi nthawi yokhala ndi munthu theka la ola, kujambula papepala, kubwereza mpaka amve. M'dziko la anthu pafupifupi 8 miliyoni amene ali ndi HIV, mukachotsa anthu a nthawi, oyamba kugwa ndi amene amafuna nthawi yambiri.

Chachitatu ndi lamulo la NHI limene Ramaphosa anasaina pa 15 May 2024. Silinayambe kugwira ntchito mokwanira, ndipo lili m'makhoti. Koma mmene analilembera, ofunafuna malo othawirako ndi opanda mapepala adzalandira chithandizo chadzidzidzi komanso cha matenda amene boma limalamula kuti azilengezedwa, monga TB. Shuga ndi BP palibe pamndandanda umenewo. Kunena kwina, adzakuthandiza ukagwa ndi sitiroko, koma piritsi lotchipa loletsa sitirokoyo ayi. Lero lino, malinga ndi lamulo la 2003 lija, chithandizo choyambirira pakiliniki ya boma ndi chaulere kwa aliyense amene sali pa medical aid. Abale athu osamva ambiri sadziwa ngakhale ufulu umene ali nawo leroli, chifukwa palibe anawauza.

Pafamu tsiku limodzi ndi ndalama

Tsopano tibwere kwathu kumafamu. Kuchokera pa sitiraka ya ku De Doorns mu 2012, imene inachititsa kuti malipiro akwere kuchoka pa R69 kufika pa R105 patsiku, zinthu zasinthako. Mu March 2025 malipiro otsikitsitsa anafika pa R28.79 pa ola. Ndiye tsiku la maola asanu ndi anayi ndi ndalama yoposa R250. Wantchito wa sizoni amapeza tsiku limodzi lodwala lolipidwa pa masiku 26 aliwonse amene wagwira m'miyezi isanu ndi umodzi yoyamba. Wakumva akapita kukiliniki amataya tsiku limodzi. Wosamva amataya awiri, lake ndi la womuperekeza, kuphatikiza tekisi ya anthu awiri. Akabwezedwa ngati mayi uja, ndiye kuwirikiza. Pamwezi umene akuyembekezeka kutumiza ya feteleza kumudzi, mukuganiza asankha chiyani?

Kiliniki yoyendayenda imafika m'mafamu ena, koma uthenga wa tsiku lake kapitawo amangokuwa m'mawa pokwera thirakitala. Sizoni ya mphesa ikatha anthu amasamukira kumalalanje ku Citrusdal kapena ku Limpopo, ena amapita kumudzi. Wosamva amanyamuka opanda kalata yosamutsira chithandizo chifukwa sanadziwe kuti imafunika, n'kukayambiranso pachiyambi kumalo atsopano.

Tisaganizenso kuti nkhaniyi ndi ya obadwa osamva okha. Bungwe la WHO limati anthu oposa 5 pa 100 aliwonse padziko lapansi, pafupifupi 430 miliyoni, ali ndi vuto lalikulu la kumva. Ena mwa anzathu anagontha ali akuluakulu chifukwa cha jakisoni wa kanamycin amene ankabaya odwala TB yosamva mankhwala, mpaka mu 2018 pamene dziko lino linayamba kupereka mapilitsi a bedaquiline m'malo mwake. Ena makutu akutha pang'onopang'ono ndi phokoso la thirakitala, makina opopera mankhwala ndi macheka odulira mitengo. Lamulo limati phokoso likafika pa madesibelo 85 bwana ateteze makutu a antchito, ndipo kugontha chifukwa cha ntchito kuli ndi chipepeso pansi pa lamulo la COIDA. Anthu otere sadziwa chinenero chamanja chilichonse, ndipo amachita manyazi kunena kuti sakumva. Chaona mnzako chapita, mawa chili pa iwe.

Kodi tiwada anesi?

Wina anena kuti ndikuwanamizira anesi. Ayi, ine ndawaona mmene amagwirira ntchito, mzere kufika panja, iwo awiri okha. Omasulira ophunzitsidwa bwino ndi ochepa, ambiri ali m'mizinda, ndipo amalipidwa pa ola. Osamva eni dziko lino nawonso akulira chimodzimodzi, si ife alendo tokha. Ku Cape Town, Dr Marion Heap wa kuyunivesite ya kumeneko anachita kuyambitsa ntchito yopereka omasulira aulere kwa odwala osamva, chifukwa m'zipatala za boma munalibe. Ndiye ndikati boma liike womasulira pakiliniki iliyonse mawa lino, ndikhala ndikunama.

Koma zambiri zimene zikanamupulumutsa mayi uja sizifuna ndalama. Chizindikiro chachikulu pafayilo chakuti munthuyu samva. Pepala la nambala m'manja, kapena mlonda kupita kukamugwira paphewa nthawi yake ikakwana. Anesi kumuyang'ana kumaso, kujambula dzuwa, mwezi ndi mbale ya chakudya papaketi ya mapilitsi, kenako kumuuza kuti aonetse yekha mmene azimwera. Kumulembera tsiku lobweranso ndi manambala akuluakulu. Pamene pali netiweki, kulola womasulira wa pavidiyo pafoni. Zimenezi ndi zoti komiti ya kiliniki ikhoza kugwirizana pamsonkhano umodzi. Makomiti amenewa alipo mwalamulo, koma ndi angati mwa ife anapitako?

Mbali yathu

Apa ndiye ndiyankhule ndi ife eni ake, abale anga. Mmalawi akamwalira kuno timathamanga. Gulu la maliro limasonkha, ndalama zambirimbiri zimapezeka, thupi limakafika ku Mangochi kapena ku Mzimba. N'zabwino. Koma R250 yoti munthu ajombe tsiku limodzi aperekeze mnzake wosamva kukiliniki, imeneyo timati palibe. Tili ndi ndalama ya bokosi, ya moyo tilibe.

M'magulu athu a WhatsApp uthenga wofunika timautumiza ndi mawu ojambula, ngakhale wonena kuti mawa kukubwera kiliniki kapena pageti pali chipolowe. Timawatchabe "gonthi" ndi "bububu" pamaso pawo, poti samva. Timayankhula ndi womuperekeza ngati mwini matenda palibe.

Pamafamu amene ndimayendera tagwirizana zinthu zingapo, ndipo ndikupempha magulu a maliro, a mpingo ndi a kumzikiti kuti muziganizire. Tidziwe osamva amene ali pakati pathu ndi amene akumwa mankhwala a nthawi yaitali, ngati eni ake alola. Uthenga uliwonse wa mawu uzitsagana ndi wolemba, wachidule, m'Chichewa. Pathumba la maliro pakhale kagawo kolipira tsiku la woperekeza. Woperekezayo asankhidwe ndi wodwala mwini, akhale wamkulu, ndipo zimene wamva m'chipinda cha anesi zithere momwemo. Wosamva aliyense akhale ndi khadi m'thumba lolembedwa m'Chingerezi kuti samva, matenda ake, mayina a mankhwala ake ndi nambala ya foni yolembera uthenga. Asanasamuke famu kapena kupita kumudzi pa Khirisimasi, wina amuthandize kupempha kalata yosamutsira ndi mankhwala okwanira, ndipo buku lake la kuchipatala la kwathu lisatayike.

Tiwalumikizenso ndi osamva anzawo a kuno. Ku Worcester kuli National Institute for the Deaf, imene inayamba mu 1881, ndipo DeafSA ili ndi maofesi m'zigawo. Wakwathu akaphunzira chinenero chamanja cha kuno, womasulira akapezeka amuthandiza mokwanira. Akabwezedwa kapena kunyozedwa, tilembe dandaulo kwa mkulu wa kiliniki, zikakanika kwa Health Ombud kapena ku South African Human Rights Commission. Ndipo ife a mabungwe a antchito, pokambirana ndi mabwana, tiike pamndandanda tsiku la kukiliniki lolipidwa kwa odwala matenda okhalitsa, monga timaikira za nsapato ndi thiransipoti.

Ulendo wachitatu uja tinalowa atatu: mayiyo, mwana wa mchemwali wake amene anamusankha yekha, ndi ine wa Chingerezi chothyokathyoka, ndipo pofika pa za thupi lake ine ndinatuluka. Anesi atamva zonse anagwira pakamwa, anapepesa, anatenga cholembera chofiira n'kulemba pachikuto cha fayilo. Zinatenga mphindi makumi awiri. Potuluka mayiyo anandionetsa paketi ya mapilitsi, analoza dzuwa limene anamujambulira, kenako anazunguza chala kambirimbiri kusonyeza kuti tsiku ndi tsiku, osalekeza. Anali atadwala chaka chathunthu, ndipo limenelo linali tsiku loyamba kudziwa chimene akudwala.

Sizoni ikatha akupita kumalalanje. Kalata yosamutsira tatenga kale. Koma kukiliniki ya kumeneko adzaitananso dzina ndi pakamwa, ndipo ine sindidzakhalako. Inu a ku Citrusdal, mukaona mayi atakhala pabenchi anthu onse akudzuka iye osadzuka, pitani mukamugwire paphewa.